Dambo la Rainham m'chilimwe: mbalame mkati mwa khoma, pulasitiki kunja kwake

Munthu akaima pamwamba pa khoma lotchinga madzi ku Rainham Marshes m'mwezi wa Julayi, amaona malo awiri osiyana kotheratu ngakhale kuti pakati pake pali mapazi owerengeka okha. Kumpoto kwa khomalo kuli dambo la madzi opanda mchere, lodzaza ndi bango, ngalande ndi msipu wa ng'ombe, ndipo m'mwamba mwake atombolombo ndi mbalame zimakhala zili piringupiringu kuyambira m'mawa mpaka kulowa kwa dzuwa, lomwe m'nyengoyi limalowa cha m'ma 9 koloko usiku. Kummwera kwake kuli mtsinje wa Thames, ndipo pamene madzi ake amalekezera akadzaza pali mzere wautali wa zinyalala: mabotolo, zitsekerero, zidutswa za majumbo ndi zingwe zakale, zonse zitakodwa m'udzu. Malo ndi amodzi, koma mbali ina ndi yosamalika pomwe inayo ikufanana ndi dzala. Chinsinsi cha kusiyana kumeneku chagona pa khomali ndi pa madzi amene ali mbali zake ziwiri.

Rainham Marshes ili kummawa kwa London, pamalire a mzindawu ndi chigawo cha Essex, pakati pa tauni ya Rainham ndi ya Purfleet, ndipo sitima yochokera mkati mwa mzinda imatenga pafupifupi theka la ola kukafikako. Ndi malo a mahekitala oposa 400 amene azunguliridwa ndi zinthu zosasangalatsa m'maso: msewu waukulu wa A13, njanji ya masitima othamanga opita ku France, mafakitale, nyumba zosungiramo katundu, ndiponso mtaya waukulu wa zinyalala kufupi ndi mtsinje. Chimene chinapulumutsa damboli kuti lisamezedwe ndi mzinda ndi mfuti. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 asilikali a Britain ankaphunzirirapo kuwombera, ndipo popeza palibe amene akanamanga nyumba kapena kulima pamalo pouluka zipolopolo, dambolo linatsala monga linalili pamene madambo anzake m'mbali mwa Thames ankakwiriridwa limodzi ndi limodzi. Cha m'ma 1990 kampani ya ku America ya MCA inafuna kumangapo malo a zisangalalo ndi ojambulirako mafilimu, koma malingalirowo anafera m'mazira. M'chaka cha 2000 bungwe loteteza mbalame la RSPB linagula malowa ku unduna wa zachitetezo, ndipo linatha zaka zingapo likufukula zipolopolo ndi zida zotsalira lisanawatsegulire anthu mu Novembala 2006.

Dambo limeneli si lachilengedwe chokhachokha ayi. Zaka mazana angapo zapitazo anthu anamanga makoma a dothi m'mbali mwa mtsinje kuti madzi amchere asamafike, n'kusandutsa matope a kumeneko kukhala msipu wa nkhosa ndi ng'ombe, ndipo anakumba ngalande zomwe zinkagwira ntchito ziwiri, kukhetsa madzi ndi kutchinga ziweto m'malo mwa mpanda. Lero osamalira malowa akupitiriza ntchito yomweyo, koma cholinga chatembenuka. Amasunga madzi a mvula ya m'nyengo yozizira ndi zitseko za m'ngalande kuti nthaka ikhalebe yonyowa kufikira m'chilimwe, amalowetsa ng'ombe kuti zidye udzu usatalike kwambiri, ndipo amatchinga malo oswanirana mbalame ndi waya wamagetsi kuti nkhandwe zisalowe. Madzi a mkati mwa khoma, motero, ndi madzi oweta, oyang'aniridwa ndi anthu. Madzi a kunja alibe mbusa.

Chilimwe cha ku England ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti, miyezi yomwe kuno kwathu timakhala tikuwotha moto, ndipo n'chachifupi moti chamoyo chilichonse chimathamangira kuswa ndi kulera ana nyengoyi isanathe. Mbalame imene osamalira damboli amaiwerenga mwachidwi kwambiri ndi lapwing, ya msinkhu wa nkhunda, yobiriwira moderako pamsana, yoyera kumimba, yokhala ndi tsumba lalitali lopyapyala pamutu. Simanga chisa mumtengo. Imapalasa kadzenje pansi pabwalo, n'kuikira mazira anayi, n'kuwafungatira pafupifupi milungu inayi. Anapiye ake akangoswa amayamba kudzifunira okha chakudya, ndipo amafunika kupeza m'mphepete mwa chithaphwi momwe muli matope ofewa ndi tizilombo kwa milungu isanu kapena isanu ndi umodzi asanayambe kuuluka. Zithaphwi zikauma msanga mu Juni, anapiyewo amafa ndi njala ngakhale nkhandwe isawakhudze. Mnzake wa lapwing pa msipu womwewu ndi redshank, ya miyendo yofiira, yomwe imabisa chisa chake m'tchire la udzu ndipo imalira mokuwa ikaona mlendo, moti ndiyo imachenjeza dambo lonse.

M'bango muli nkhani ina. Kambalame kotuwa kotchedwa reed warbler kamafika kuchokera ku Africa mu Epulo ndi Meyi, n'kuluka chisa chonga kachikho pakati pa mapesi atatu kapena anayi a bango, pamwamba pa madzi. Mbalame ya cuckoo, yomwenso imachokera ku Africa, imazemberera chisacho mwini wake atachoka, n'kuchotsa dzira limodzi n'kuikirapo lake. Mwana wa cuckoo akaswa amakankhira kunja mazira ndi anapiye a eni chisa, ndipo timbalame tiwiri tija timatha chilimwe chonse tikudyetsa mwana wamlendo amene amakula kuposa ito tomwe. Pofika Julayi makolo enieni a mwanayo amakhala atayamba kale ulendo wobwerera, ndipo ofufuza amene anamangirira tizipangizo pa ma cuckoo a ku Britain anapeza kuti ambiri amakathera m'nkhalango za ku Congo. Pamwamba pa bangolo pamayandama kabawi wamkulu wa m'madambo, marsh harrier, amene mu 1971 anali atatsala banja limodzi lokha loswa m'dziko lonse la Britain, ku Minsmere, koma lero amaoneka tsiku lililonse ku Rainham.

Mbalame imene ingamudabwitse kwambiri wowerenga wa kuno ndi hobby, kabawi wamng'ono wa mapiko osongoka, wofiira kuntchafu. Masana otentha, atombolombo akachuluka pamwamba pa ngalande, hobby amawagwira ndi zikhadabo ali m'malere, n'kupinda khosi n'kumadya akuuluka, mapiko a tombolombo akugwera pansi ngati mankhusu. Mtundu womwewu wa kabawi umafika ku Malawi, Zambia ndi mayiko oyandikana nawo mvula zikamayamba, ndipo umaoneka madzulo ukuwakha inswa zikamatuluka pachulu. Chimodzimodzinso ma swift, mbalame zakuda zofanana ndi anamzeze zomwe zimadya, kumwa ndi kugona zikuuluka: zimachoka ku Britain mu Ogasiti, ndipo zina mwa izo zimadutsa ku Congo n'kufika mpaka ku Malawi ndi ku Mozambique. Choncho zimene zikuchitika pa dambo la m'mphepete mwa London si za kutali monga mapu amaonetsera.

Pansi, m'ngalande, muli kanyama komwe Rainham imadziwika nako, water vole, mbewa yonenepa ya m'madzi ya mphuno yobulungira ndi makutu obisika m'ubweya. Kawirikawiri munthu amaimva asanaione: kumveka kukukuta kwa tsinde la bango, kenako chubwi m'madzi. Imadya zomera zolemera pafupifupi magawo asanu ndi atatu mwa magawo khumi a thupi lake tsiku lililonse, ndipo m'zaka za m'ma 1900 chiwerengero chake ku Britain chinatsika ndi pafupifupi 90 peresenti chifukwa cha kuwonongeka kwa magombe a mitsinje ndi kanyama kolusa ka mink kamene kanathawa m'mafamu a ubweya. M'ngalande zomwezo mumalira achule obiriwira a marsh frog, omwe anabwera ku England kuchokera ku Hungary mu 1935, ndipo njoka zopanda ululu za grass snake zimasambira kuwasaka. M'maluwa a m'mbali mwa khoma mumapezeka njuchi ya shrill carder bee, imodzi mwa njuchi zosowa kwambiri ku Britain, yomwe magombe a kumunsi kwa Thames ndi amodzi mwa malo ochepa amene yatsalako, ndipo kumapeto kwa chilimwe akangaude a mizere yachikasu ndi yakuda ngati mavu amatchera ukonde m'udzu kudikira ziwala.

Zonsezi zili mkati mwa khoma. Kuti timvetse za kunja, tiyenera kufotokoza chinthu chimene ife okhala kutali ndi nyanja yamchere sitichiona pa nyanja zathu. Chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa, madzi a nyanja yamchere amakwera ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo akakwera amakankhira mtsinje chammbuyo. Pa Thames madziwa amalowa mpaka ku Teddington, kumadzulo kwa London, ndipo kusiyana kwa pamene adzaza ndi pamene aphwa kumafika mamita asanu ndi awiri m'malo ena. Ndiye kuti mtsinjewu suyenda njira imodzi monga Shire kapena Linthipe. Kwa maola angapo umapita kunyanja, kenako kwa maola ena umabwerera kumtunda. Botolo limene lagwera m'madzi pakati pa London silipita kunyanja molunjika, koma limatsika, kubwerera, kutsikanso, likusuntha pang'onopang'ono, ndipo pa ulendo uliwonse lili ndi mwayi wokankhidwira kugombe ndi mphepo. Mphepo ya kumeneko imawomba kawirikawiri kuchokera kummwera chakumadzulo, kotero kuti gombe la kumpoto, kumene kuli Rainham, ndilo limalandira zambiri, makamaka pamene mtsinje wakhota n'kupanga kagombe kobisika monga Aveley Bay.

Pakati pa khoma ndi matope a mtsinje pali kachigawo kopyapyala ka dambo la madzi amchere, lomera zitsamba zazifupi zopirira mchere. Dambo lotere limakhalapo chifukwa cha luso limodzi: limagwira zimene madzi anyamula. Madzi akadzaza n'kulowa pakati pa zomera, liwiro lake limachepa, matope ndi zinyenyeswa za zomera zowola zimadikha, ndipo madziwo akamabwerera amazisiya pomwepo. Umu ndi mmene dambolo limakulira, mmene limadyetsera nyongolotsi, nkhono ndi nkhanu, ndiponso mmene limatetezera khoma ku mafunde. Vuto n'lakuti sefa sasankha. Luso lomwe limagwira chakudya ndi lomwenso limagwira pulasitiki, ndipo palibe njira yoletsera chimodzi popanda kuletsa chinzake. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, pafupifupi milungu iwiri iliyonse, madzi amakwera kuposa masiku onse n'kukasiya zinyalala pamwamba penipeni, pomwe madzi a masiku otsatira safikapo, ndipo zimakhala pomwepo mpaka madzi ena aakulu adzabwere. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Kuno khwawalo amalikumbukira kawiri patsiku, ndipo sabwera chimanjamanja.

Munthu akagwada pa mzere wa zinyalalawo n'kupalasa ndi dzanja, amaona kuti mabotolo, omwe amaoneka patali, ndi gawo laling'ono chabe la nkhaniyi. Pansi pa mapesi ouma a bango ndi zidutswa za matabwa pali zitsekerero zamitundumitundu, timitengo tapulasitiki totokosera m'makutu tomwe thonje lake linatha kalekale, zoyatsira fodya, mapaketi a zokhwasula amene mtundu wake unasuluka, ndi tizibulu toyera ta pulasitiki yopepuka ija amaikamo chakudya chogula, titanyenyeka ngati misere ya chimanga. Palinso timikanda tating'ono tofanana ndi mapira, tomwe si zinyalala za munthu wamba koma pulasitiki yosaumba imene imatayika m'mafakitale ndi m'madoko isanapangidwe kanthu. Ukapalasa mozama, dothi lenilenilo limakhala ndi timadontho tabuluu, tofiira ndi tobiriwira. Pakati pa zonsezi mukuyenda tizilombo todumphadumpha, tikafadala ndi akangaude, chifukwa mzere umenewu unali mudzi wawo pulasitiki isanabwere.

Zinyalalazi zimachokera m'njira zingapo, ndipo zochepa chabe n'zimene zimatayidwa ndi alendo odzaona mbalame. Zina zimagwa m'misewu ya mzinda wa anthu pafupifupi 9 miliyoni n'kukokoloka ndi mvula kulowa m'ngalande ndi m'timitsinje tothira mu Thames. Zina, zomwe n'zonyansa kwambiri, zimadzera m'zimbudzi. Mipaipi ikuluikulu ya suweji ya London inamangidwa ndi injiniya Joseph Bazalgette pambuyo pa fungo loopsa la mu 1858, ndipo inapangidwa kuti madzi a mvula ndi zonyansa za m'nyumba ziziyenda mumpaipi umodzi. Mvula ikachuluka, mipaipiyo inkasefukira mwadala mumtsinje kuti zonyansa zisabwerere m'nyumba za anthu. Mzinda utakula kuposa mmene omangawo ankaganizira, kusefukirako kunayamba kuchitika ngakhale ndi mvula yochepa, mpaka matani mamiliyoni makumi angapo pachaka, ndipo m'madzi amenewo munkakhala zonse zimene anthu amaponya m'chimbudzi: mapadi, timitengo ta m'makutu tija, ndi timapepala tonyowa topukutira ana. Timapepala timeneti timaoneka ngati pepala, koma tambiri tili ndi ulusi wa pulasitiki ndipo sitisungunuka. Pafupi ndi mlatho wa Hammersmith tinaunjikana ndi matope mpaka kupanga kachilumba kamene kanasintha maonekedwe a gombe.

Zoyandama n'zimene zimafika m'maso mwa anthu, koma pansi pa mtsinje pakuyendanso katundu wina. Kumapeto kwa chaka cha 2012 ofufuza a ku yunivesite ya Royal Holloway ndi a ku Natural History Museum, nyumba yosungirako zinthu zachilengedwe ya ku London, anatchera maukonde ogwirira mikunga, ofanana ndi mono, pamalo asanu ndi awiri pansi pa mtsinje, ndipo m'miyezi itatu anakola zidutswa za pulasitiki 8,490, zomwe mwa izo zoposa gawo limodzi mwa magawo asanu zinali zochokera m'zimbudzi. Maukondewo anali aang'ono poyerekeza ndi kukula kwa mtsinje, ndipo sanapangidwe n'komwe kuti azigwira zinyalala.

Apa ndi pamene chilimwe chimalowerera m'nkhani ya pulasitiki mwachindunji. Pulasitiki siola monga tsamba kapena mtengo, koma imaphwanyika. Cheza cha dzuwa chimadula timaunyolo tomwe timaigwirizanitsa, kutentha kumafulumizitsa ntchitoyo, ndipo pulasitiki imene yakhala pamtunda miyezi iwiri ya masiku aatali imauma n'kukhala yofumbutuka, moti jumbo ukaligwira limayoyoka m'manja. Pulasitiki yomwe ili m'madzi ozizira amatope imachedwa kuphwanyika kusiyana ndi imene yasiyidwa pagombe padzuwa, kotero kuti mzere wa zinyalala uja uli ngati mtondo umene umasinja mabotolo ndi majumbo kukhala tizidutswa tosakwana mamilimita asanu, tomwe akatswiri amatitcha microplastics, dzina lomwe linafala kuchokera pa kafukufuku wa Richard Thompson wa ku yunivesite ya Plymouth mu 2004. Botolo limodzi munthu angalitole, koma likasanduka tizidutswa zikwizikwi tosakanikirana ndi dothi palibenso amene angalichotse. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2020 anayerekeza kuti pa Greenwich, kumtunda kwa Rainham, tizidutswa pafupifupi 94,000 timadutsa mumtsinje pa sekondi iliyonse nthawi zina. Tina timachokera ku zovala, popeza ofufuza a ku Plymouth anapeza mu 2016 kuti kuchapa kamodzi zovala za makilogalamu asanu ndi limodzi m'makina kungatulutse timaulusi toposa 700,000. Tina ndi fumbi la matayala a galimoto, ndipo ili ndi limene khoma silingalitchinge, chifukwa limabwera ndi mphepo ndi madzi a m'misewu kuchokera mbali ya kumtunda.

Kuvulaza kooneka ndi maso n'kosavuta kufotokoza. Ulusi wa mbedza ndi zingwe zimakulunga miyendo ya mbalame, mbalame zina zimatola timizere ta pulasitiki n'kulukira m'zisa momwe anapiye amakodwa, ndipo botolo lotseguka logona chopendekeka ndi msampha wa mbewa ndi tinyama tina tating'ono, tomwe timalowa kufuna chakudya n'kulephera kukwera galasi kapena pulasitiki yoterera.

Kuvulaza kosaoneka n'kumene kumafuna kufotokoza mosamala. Ku Erith, tsidya lina la mtsinje moyang'anizana ndi Rainham, ofufuza anatumbula nkhanu 135 za mitundu iwiri n'kupezamo zidutswa za pulasitiki 874, ndipo m'nkhanu zina timaulusi tinali titapotana n'kupanga mpira wodzaza chifu. Pa kafukufuku wina wa nsomba za mumtsinjewu, nsomba zokwana 75 peresenti za mtundu wa flounder, womwe umadya pansi pamatope, zinapezeka ndi ulusi wa pulasitiki m'matumbo, pomwe za mtundu wa smelt, womwe umadya m'madzi a pamwamba, zinali 20 peresenti yokha. Kusiyana kumeneku kukuloza kumene vuto lakhazikika, kumatope. Ku yunivesite ya Exeter, mu 2013, nyongolotsi za m'matope a m'nyanja zomwe zinasungidwa m'dothi losakaniza ndi pulasitiki zinkadya mochepa, ndipo mphamvu zosungidwa m'thupi mwake zinatsika mpaka theka. Chamoyo chimene mimba yake yadzaza ndi chinthu chosagayika chimamva kukhuta chili ndi njala.

Matope omwewo ndiwo mbale ya mbalame. Kuyambira mu Julayi, pamene chilimwe chikadali pakati, mbalame za miyendo ndi milomo yaitali zomwe zinakaswa kumpoto zimayamba kubwerera, monga ma black-tailed godwit ochokera ku Iceland, ndipo madzi akaphwa zimatsikira pa Aveley Bay kukazula nyongolotsi ndi nkhono, madzi akadzaza n'kuwoloka khoma kukapuma m'zithaphwi za mkati. Ma redshank ndi akakowa amachitanso chimodzimodzi. Khoma lija limalekanitsa madzi, koma mbalame siliziletsa, ndipo zimene zadya kunja zimalowa nazo mkati. Palinso njira ina imene ofufuza a ku yunivesite ya Reading anaionetsa mu 2018: mphutsi za udzudzu zikameza tizidutswa ta pulasitiki m'madzi, tina timatsalabe m'thupi mpaka udzudzuwo utamera mapiko n'kuuluka. Udzudzu ndi chakudya cha atombolombo ndi ma swift, ndipo atombolombo ndi chakudya cha hobby.

Komabe n'koyenera kuika vutoli pa mlingo wake, chifukwa zithunzi za mabotolo zimakopa mtima kuposa zinthu zina zoopsa kwambiri zomwe sizijambulika. Chimene chinagwetsa chiwerengero cha lapwing ku Britain mpaka kulowa m'gulu la mbalame zodetsa nkhawa kwambiri si pulasitiki, koma kusintha kwa ulimi ndi kuumitsidwa kwa madambo. Ma water vole anachepa chifukwa cha mink ndi kuwonongeka kwa magombe a mitsinje. M'chilimwe, mdani wamkulu wa anapiye ku Rainham ndi chilala ndi zilombo zolusa, ndipo pa 19 Julayi 2022, tsiku limene kutentha ku Britain kunapitirira madigiri 40 koyamba m'mbiri, moto unatentha nyumba zoposa khumi m'mudzi wa Wennington, womwe uli m'mphepete mwa dambo lomweli. Thames yeniyeniyo ili bwino lero kuposa mu 1957, pamene asayansi ananena kuti chigawo chake china chinali chakufa chifukwa munalibe mpweya wokwanira nsomba. Tsopano muli mitundu ya nsomba yoposa 100. Kusiyana kwa pulasitiki ndi mavuto enawa n'kwakuti zonyansa za m'chimbudzi zikaleka kuthiridwa mtsinje umadziyeretsa wokha m'zaka zochepa, chilala chimatha mvula ikagwa, koma pulasitiki ya chaka chino imangowonjezera pa ya chaka chatha. Kwa ine, ichi ndicho chifukwa chomveka choidera nkhawa, kuposa kuchulukitsa nkhani ya nyama zakufa.

Kutola zinyalala, komwe anthu odzipereka a RSPB ndi a mabungwe monga Thames21 amachita m'magombe a mtsinjewu, kuli ndi malire ake, ndipo malirewo amathina kwambiri m'chilimwe. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la mu 1981 limaletsa kuwononga chisa chimene mbalame ikugwiritsa ntchito, ndipo gulu la anthu makumi awiri likuyendayenda ndi matumba m'zitsamba za m'gombe mu Meyi kapena Juni likhoza kuponda mazira, kuthamangitsa makolo pazisa, ndi kuphwanya zomera zomwe zimagwira dothi. Ndiye kuti miyezi imene dzuwa likusinja pulasitiki mofulumira ndi yomweyo imene malo ena safunika kupondedwa. Makina sangathandize, chifukwa angakokolole mapesi, matabwa ndi tizilombo tonse timene mbalame zimadya pamzerewo, osanenapo za matope akuya amene amameza munthu mpaka m'chiuno ndi madzi amene amabwerera mofulumira kuposa mmene mlendo amaganizira. Otola amagwira ntchito ndi manja, amasankha zazikulu, ndipo amadziwa kuti pakatha milungu iwiri madzi aakulu adzabweretsa zina. Wina anganene kuti uku n'kutungira madzi m'dengu, koma botolo lililonse lochotsedwa lisanafumbutuke ndi tizidutswa zikwi zambiri tomwe sitidzalowa m'matope. Pamtsinje penipeni, bungwe la Port of London Authority lili ndi zotchera zoyandama zomwe zimakola zinyalala madzi akamadutsa, ndipo limavuula matani mazana angapo chaka chilichonse.

Zimene zasintha zinthu kwambiri zachitikira kutali ndi damboli. Ku England anayamba kulipiritsa mapeni asanu pa jumbo iliyonse m'masitolo akuluakulu mu Okutobala 2015, n'kukweza kufika mapeni khumi mu 2021, ndipo majumbo otengedwa m'masitolowo anatsika ndi zoposa 90 peresenti. Timikanda tapulasitiki ta m'mafuta ndi sopo wotsukira nkhope tinaletsedwa mu 2018, timapaipi tomwera zakumwa ndi timitengo tapulasitiki ta m'makutu mu Okutobala 2020, ndipo mbale ndi masipuni otaya mu Okutobala 2023. Ntchito yaikulu kuposa zonse ndi ngalande ya pansi pa nthaka ya Thames Tideway, yotalika makilomita 25 ndi yotambalala mamita oposa asanu ndi awiri, yomwe inamalizidwa kulumikizidwa mu 2025 kuti izilandira zonyansa zimene kale zinkasefukira mumtsinje n'kuzipititsa kumalo oyeretsera madzi ku Beckton. M'chaka chomwecho makina anafukula kachilumba ka ku Hammersmith kaja n'kuchotsa timapepala pafupifupi 5 miliyoni. Mabotolo a zakumwa ndiwo atsalira: dongosolo lakuti wogula azilipira kandalama kapamwamba n'kukabwezeredwa akabweza botolo, lofanana ndi mmene timachitira ndi mabotolo agalasi pagolosale, lakhala likuzengerezedwa kwa zaka ndipo likuyembekezeka kuyamba mu Okutobala 2027.

Ngakhale zonsezi zitayenda bwino, pali gwero limodzi lomwe malamulo atsopano salifika. Kwa zaka zambiri London inkatumiza zinyalala zake pa mabwato kukazitaya m'madambo a kumunsi kwa mtsinje, chifukwa madambo ankaonedwa ngati malo opanda ntchito. Mtaya wa ku Mucking unalandira zinyalala za mzindawu kwa zaka pafupifupi makumi asanu mpaka 2010, kenako unakwiriridwa ndi dothi n'kusandutsidwa malo osungirako zachilengedwe amene David Attenborough, katswiri wotchuka wa mafilimu a zachilengedwe, anawatsegulira mu 2013. Koma mitaya yakale kwambiri inalibe chotchinga pansi kapena m'mbali, ndipo ofufuza a ku Queen Mary University of London anawerenga mitaya yotere yoposa 1,200 m'magombe a England yomwe ili pamalo oti madzi angasefukirepo kapena kuigumula. Umodzi uli ku East Tilbury, makilomita angapo kumunsi kwa Rainham, kumene mtsinje wadya gombe n'kuvundukula zimene zinakwiriridwa zaka makumi ambiri zapitazo: nsapato, masokosi a nayiloni, mabatire, zidole ndi mapaketi omwe zilembo zake zikuwerengekabe. Madzi akamadzaza amayenda kuchokera kumeneko kulowera kumtunda, ndipo madzi aakulu kwambiri pachaka amabwera cha mu Malichi ndi mu Sepitembala, mwezi umene ma hobby omaliza amanyamuka pa Rainham kulowera kummwera.